Pemphero limene ndinachita nalo manyazi ku Chilobwe

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikudziwika pampingo pathu ngati munthu wodziwa kupemphera. Ndine mkulu wa mpingo m'tchalitchi china cha CCAP mumzinda wa Blantyre, ndipo kaya ndi pamaliro, pachinkhoswe, kumlaga, ngakhale pamsonkhano wa makolo kusukulu kumene ndimaphunzitsa, wapampando akangonena kuti wina atitsegulire ndi pemphero, maso a anthu amatembenukira kwa ine. Ndinkadziwa poyambira, ndinkadziwa pokweza mawu ndi powatsitsa, ndipo ndinkadziwanso malo amene amayi a Mvano ayankhe kuti “Ameni” ndisanafike n'komwe pamenepo. Luso limeneli ndinalitengera kwa malemu amalume anga, amene anali mlaliki, ndipo ndinaliwonjezera ndi mawu ena amene ndinkatola pawailesi ndi m'misonkhano yachitsitsimutso.

Akuluakulu amati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Yanga inang'ambika m'mwezi wa Marichi 2023, m'kalasi ya sukulu ina ya pulayimale ku Chilobwe, ndipo mpaka lero sindinathe kuikunganso monga inalili kale.

## Lachinayi la sabata ya namondwe

Sindikufotokozerani za namondwe wa Freddy ngati kuti simunaliko. Mukukumbukira mvula ija imene inagwa osalekeza, mukukumbukiranso kuti pofika Lolemba pa 13 Marichi matope ndi miyala zinali zitatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba pamodzi ndi eni ake. Anthu oposa 1,000 anamwalira m'dziko muno, oposa 500,000 anasowa pokhala, ndipo boma linalengeza masiku 14 olira. Kwathu kunangogwa mbali imodzi ya mpanda, ndipo ine ndinadandaula za mpandawo kwa masiku awiri.

Pampingo pathu tinasonkha zimene tinatha: ufa, nyama ya soya, mchere, sopo, ndowa, mabulangete ndi zovala zakale. Lachinayi, lomwe ndi tsiku limene amayi a Mvano amakumana, tinanyamuka pagalimoto ya mkulu mnzanga, ndipo msewu utatikanika tinatsika n'kusenza katunduyo pamutu. Anthu amene nyumba zawo zinagwa anali atawasunga m'makalasi, popeza sukulu zinali zitatsekedwa. Ife anatilozera kalasi ina imene munali amayi, ana ndi okalamba ochepa. Madesiki anali ataunjikidwa kukhoma, zovala zonyowa zili pamazenera, ndipo pabolodi panali padakali masamu amene aphunzitsi analemba Lachisanu lapitalo. Munkanunkha matope, utsi ndi mankhwala amene ankathira m'madzi poopa kolera.

Mayi wapampando wa Mvano anayambitsa nyimbo, tinaimba ndime ziwiri, kenaka anandiyang'ana. Ndinavula chipewa, ndinatsinzina, ndipo pakamwa panga panatseguka pokha monga mwa masiku onse.

“Atate wathu wa Kumwamba, Mulungu wa Abrahamu, Isake ndi Yakobo, tikukuthokozani chifukwa cha mphatso ya moyo. Ena agona m'zipatala, ena ali m'ndende, ena atsikira kuli chete, koma ife mwatisunga ndi kutiteteza, ndipo mwatilola kuona dzuwa la lero.”

Mawu amenewa inunso mumawadziwa, mwinanso munawanena m'mawa uno. Ine ndinali nditawanena kosawerengeka, koma tsiku limenelo ndi pamene ndinawamva koyamba ndi makutu anga. Ndinali kuthokoza Mulungu kuti amwalira ndi ena, ine ayi, ndipo ndinali kunena zimenezi pamaso pa amayi a “ena” amenewo, amene mitembo ya ana awo inali idakali pansi pa matope pamtunda woti munthu n'kuyenda wapansi. Pamalo pamene nthawi zonse pamamveka “Ameni” panali zii. Chimene chimandipwetekabe n'chakuti sindinaime. Ndinapitirira ngati njinga yopanda mabuleki pamtsetse, ndinapempherera atsogoleri a dziko, madotolo ndi anamwino, ndinatchula ndime ziwiri za m'Baibulo, ndinamanga mphamvu za mdima, mpaka ndinafika potsekera pamene ndimatsekera nthawi zonse. Ndikuganiza kuti ndinatha mphindi zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, ndipo m'nthawi yonseyo sindinalankhule ndi Mulungu ngakhale mawu amodzi.

## “Mulungu, ndi ine”

Nditatsegula maso, agogo ena amene anakhala pathumba pafupi ndi khomo anakweza dzanja ngati mwana wasukulu. Chitenje chawo chinali ndi matope ouma mpaka m'chiuno, ndipo anavala patapata kuphazi limodzi lokha. Ana awiri anawatsamira m'mbali.

“Bambo, kodi ndingapemphereko nanenso?” anafunsa motero.

“Pempherani, agogo,” ndinayankha.

Sanaimirire, sanagwade, ndipo sindikukhulupirira kuti anatsinzina. Anangoweramitsa mutu pang'ono n'kuyamba kulankhula ndi mawu a munthu amene akukamba ndi mnzake pakhonde. Ndikulemba monga ndikukumbukira, ndipo ndikudziwa kuti sindinataye zambiri, popeza mawuwo ndinawalemba kumapeto kwa buku langa la nyimbo usiku womwewo.

“Mulungu, ndi ine. Mukundidziwa. Ana aja munandisiyira atatu mayi wawo atamwalira. Awiri ndi awa. Wamng'ono uja ndinamugwira dzanja, madzi anandilanda. Inu munaona kumene anapita, ine sindinaone. Sindikupempha kuti mumudzutse. Mundionetse pamene wagona, kuti ndikamusambitse, ndimuike m'manda ngati munthu. Ndakwiya nanu, Mulungu, sindikubisirani. Koma ndipita kwa yani? Ameni.”

Kalasi yonse inayankha “Ameni” wapansipansi, wosiyana kwambiri ndi amene ine ndinazolowera kulandira, ndipo amayi ena anayamba kulira, pamodzi ndi a Mvano amene tinabwera nawo. Kenaka tinagawa katundu. Nditafika pa agogo aja n'kuwapatsa bulangete ndi ndowa, analandira ndi manja awiri nati, “Zikomo bambo, mwapemphera bwino.” Sanali kundinyoza, ankangopereka ulemu umene munthu amapereka kwa mlendo wobwera ndi thandizo. Koma kunyozedwa kukanandipepukirako kusiyana ndi mawu amenewo.

Pa zonse zimene agogowo ananena, chimene chakana kundichoka m'mutu ndi poyambira paja. Taganizirani munthu amene wagogoda pakhomo usiku, eni nyumba n'kufunsa kuti ndani. Mlendo amatchula dzina lake, kumene wachokera ndi amene wamutuma. Woyankha kuti “ndi ine” ndi yekhayo amene mawu ake amadziwika m'nyumbamo, amene walowa pakhomopo kambirimbiri masana ndi usiku. Agogo aja anagogoda ngati mwana wa pakhomo, pamene ine, mkulu wa mpingo wa zaka zoposa khumi, ndinaima pabwalo n'kumalakatula mayina aulemu a mwini nyumba kuti anthu odutsa amve kuti ndimamudziwa.

## Ngati mkamwini pamaso pa apongozi

Kwa masabata angapo zitachitika izi pemphero linandikanika. Pachakudya ndinkauza mwana wathu wamng'ono kuti apemphere, kumlaga ndinkafika mochedwa mwadala, ndipo usiku ndinkagwada pambali pa bedi n'kumangomva mawu akale aja akubwera okha pamzere wawo, ine n'kumawakana. Akazi anga anazindikira msanga. Tsiku lina tikudya anandifunsa kuti, “Bambo, kodi mwayambana ndi Mulungu?” Ndinayankha kuti ayi, koma yankho loona linali loipa kuposa pamenepo, chifukwa anthu amene amayambana ndi amene amalankhulana. Agogo aja ndi amene anayambana ndi Mulungu, ndipo anamuuza pamaso. Ine ndinalibe naye mlandu uliwonse chifukwa ndinali ndisanamuuzepo kanthu kanga kwa nthawi yaitali.

Nditaganizira bwino ndinaona kuti ndinkalankhula ndi Mulungu monga mkamwini amalankhulira ndi apongozi ake. Amene munakulira kumudzi mukudziwa mmene zimakhalira: munthu amakhala chapatali, wanjuta, maso ali kumbali, mawu onse ali aulemu, ndipo akafunsidwa za moyo amayankha kuti ali bwino ngakhale usiku sanagone. Ulemu umenewo si woipa, ndipo sindikunena kuti tiyambe kumutchula Mulungu kuti “iwe.” Chichewa chathu chimatithandiza pomutchula kuti “Inu,” ndipo agogo aja, ngakhale anali okwiya, sanachoke pa “Inu” ameneyo. Vuto n'lakuti mkamwini angathe kukhala pamudzi zaka makumi awiri apongozi ake osadziwa chimene chili mumtima mwake, ndipo onse awiri n'kumaona ngati zinthu zili bwino. Yesu sanatiphunzitse kunena kuti “Apongozi athu a Kumwamba.” Anati tizinena kuti Atate, ndipo mwana amene amangoonekera kwa bambo ake atavala jekete, atakonzeratu zokamba, pali china chimene chinasokonekera pakati pawo.

Ndinakawafotokozera abusa athu zonsezi. Sanandidzudzule, komanso sanandisisite pamsana. Anandiuza kuti ndisiye kaye kupeka mapemphero anga, m'malo mwake ndiziwerenga Salimo limodzi mokweza m'mawa uliwonse, mwa ndondomeko yake, osadumpha limene silinandikomere, ndipo ndiziwonjezera mawu anga pokhapokha ngati ndili ndi chinthu choona choti ndinene. Anati ngati chinthucho palibe, nditseke buku ndizipita kuntchito.

## Zimene ndinkazidumpha m'Baibulo langa

Masalimo alipo 150, choncho ntchito imeneyi inanditengera miyezi isanu. Ndinayamba ndi Buku Lopatulika limene ndinakulira, lija linatuluka mu 1922 ntchito yomasulira itatsogoleredwa ndi William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed. Chinyanja chake ndi chokoma ndi cholemera, koma ndinazindikira kuti kulemera kumeneko ndi kumene ndinkabisalamo, chifukwa munthu ukanena mawu akale ngati amenewo umamveka woyera ngakhale mtima uli kumsika. Ndiye ndinayamba kuwerenga Salimo lililonse kawiri, kachiwiriko m'Buku Loyera la 1998, limene Chichewa chake chili pafupi ndi chimene timalankhula m'nyumba. Kumeneko mawu ake anandifika opanda jekete.

Ndinadabwa kuona kuchuluka kwa madandaulo m'buku limene ine ndinkaliyesa la matamando okhaokha. M'ndime ziwiri zoyambirira za Salimo 13, Davide akufunsa Mulungu kanayi konse kuti “kufikira liti.” Salimo 88 likuyamba ndi kulira, likupitirira ndi kulira, ndipo likuthera mumdima popanda mawu achitonthozo kumapeto. Ndikanakhala ine wosonkhanitsa nyimbo za m'Kachisi, Salimo limenelo ndikanalibweza kuti mwini wake akalikonze, koma lilimo, ndipo ana a Israele ankaliimba pamaso pa Mulungu. Pemphero la agogo a ku Chilobwe likanakhala bwinobwino pakati pa Masalimo amenewa, pamene langa lija ndinalipeza kwina.

Ndinalipeza pa Luka 18, m'fanizo la Mfarisi ndi wamsonkho. Kuyambira ku Sande Sukulu ndinkadziwa kuti Mfarisi ndi woipa m'nkhaniyi, ndipo sindinaganizepo kuti ndingafanane naye. Koma tamverani mmene pemphero lake likuyambira: akuyamika Mulungu kuti iye sali monga anthu ena. “Ena” ali uko, “ine” ndili kuno, ndipo kusiyana kumeneko ndiye chifukwa chothokozera. N'zoona kuti ife timawonjezera kuti “si chifukwa chakuti ndife abwino,” koma mafupa a pempherolo ndi omwewo. Wamsonkho anangonena kuti Mulungu amuchitire chifundo iye wochimwa, ndipo Yesu akuti ameneyo ndiye anapita kwawo atayesedwa wolungama. Pa Luka 13 Yesu yemweyo akukamba za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, ndipo akukana kuti iwowo anali ochimwa kuposa anzawo a mu Yerusalemu. Ndinawerenga ndime imeneyo ndikuganiza za phiri la Soche ndi za mpanda wanga.

Sindikunena kuti kuthokoza chifukwa cha moyo n'kulakwa. Ndimathokozabe, ndipo ndiyenera kutero. Koma kuthokoza kumene kumafuna tsoka la mnzako kuti kumveke bwino kuli ndi chilema, ndipo chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Nkhani ya Hana pa 1 Samueli 1 inandigwira mwa njira ina, chifukwa mmenemo ndinadziona mwa Eli. Mayi uja anapemphera milomo yokha ikugwedezeka, mawu osamveka, ndipo wansembe, katswiri wa zopembedza, anamuyesa woledzera. Hana anayankha kuti sanamwe kanthu, koma ankatsanulira mtima wake pamaso pa Yehova. Munthu amene ntchito yake inali ya m'nyumba ya Mulungu analephera kulizindikira pemphero lenileni pamene linkachitika pamaso pake. Chimodzimodzinso abwenzi a Yobu, amene anachita bwino masiku asanu ndi awiri amene anakhala naye pansi osanena kanthu, n'kuyamba kulakwa atatsegula pakamwa kuti amuikire kumbuyo Mulungu. Kumapeto kwa bukulo Mulungu akukwiyira iwowo, amene ankalankhula zomveka zachipembedzo, ndipo akunena kuti Yobu, amene anadandaula mpaka kutemberera tsiku limene anabadwa, ndiye ananena zoona za Iye.

## Phokoso ndi chete

Pano ndiyenera kusamala, chifukwa wina angaganize kuti ndikunyoza amene amapemphera mofuula, kapena amene amakwera mapiri monga la Bunda kukasala kudya, kapena amene amachezera usiku wonse m'mapemphero. Ena mwa anthu amenewa ndimawadziwa, ndipo alipo amene kufuula kwawo kumachokera pansi pa mtima, monga mayi amafuulira mwana wake akagwera m'madzi. Winanso angaganize kuti ndikunyoza mapemphero olembedwa kapena oloweza pamtima, monga amachitira anzathu a Katolika ndi a Anglikani. Zimenezonso ayi, pakuti Masalimo amene anandidzutsa ine ndi mapemphero olembedwa, ndipo ophunzira atapempha Yesu kuti awaphunzitse kupemphera, Iye anawapatsa mawu oti azinena.

Ife a CCAP timakonda kudzitama kuti timapemphera zochokera mumtima, osawerenga m'buku, koma ine ndine mboni yakuti munthu angathe kukhala ndi buku losalembedwa m'mutu mwake, lokhala ndi mawu osasintha kuposa lolembedwa. Pa Mateyu 6 Yesu akuchenjeza za zinthu ziwiri: kupemphera kuti anthu atione, ndi kubwerezabwereza mawu poganiza kuti kuchuluka kwake ndiko kudzamveketsa pempherolo. Matenda awiriwa sasankha mpingo. Amagwira wofuula ndi wonong'ona yemwe, ndipo ine anandigwira onse awiri nthawi imodzi.

Palinso msampha wina umene ndinatsala pang'ono kugweramo, ndipo ndikuuulula chifukwa ndi wochititsa manyazi. Patapita miyezi iwiri anandipempha kupemphera pamaliro a mkhristu mnzathu, ndipo ndili m'njira ndinadzipeza ndikukonza pemphero lalifupi, la mawu wamba, loyamba ndi “Mulungu, ndi ife,” ndikuyerekeza mmene anthu akhudzidwire. Ndinali nditatenga kulira kwa agogo aja n'kukusandutsa luso latsopano. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo ine ndinkafuna kutsekula chitseko m'mimba muli phee. Tsiku limenelo ndinapempha mkulu mnzanga kuti apemphere m'malo mwanga.

## Mangawa

Kusintha kwenikweni sikunachitikire pagulu. Kunachitikira m'chipinda, chitseko chili chotseka, monga Mateyu 6 yemweyo akunenera. Nditatsatira malangizo a abusa kwa kanthawi, mawu anga anayamba kubwera, koma anali ochepa ndiponso osakongola. M'mawa wina ndinangonena kuti ndikuopa ngongole imene ndinatenga kubanki m'khonde. Tsiku lina ndinavomera kuti ndimachita nsanje ndi mphunzitsi mnzanga amene anakwezedwa pantchito ine n'kutsala. Zinthu zimenezi Mulungu ankazidziwa kale, pakuti Yesu akuti Atate amadziwa zosowa zathu tisanapemphe. Amene sankazidziwa bwino ndi ine, ndipo ndinayamba kuzidziwa pozitchula pamaso pa Iye amene sindingamunamize.

Kenaka Pemphero la Ambuye linandigwira pakhosi. Ndalinena kuyambira ndili mwana, ndipo lilime langa limatha kulimaliza lokha maganizo ali kwina. Koma nditayamba kulinena pang'onopang'ono, ndikuima pa chiganizo chilichonse kuti ndione ngati ndikuchivomereza, ndinakakamira pa mawu akuti “mutikhululukire mangawa athu, monga ifenso takhululukira amangawa athu.” Panthawiyo n'kuti patatha zaka zinayi ndisakulankhulana ndi mng'ono wanga chifukwa cha ndalama zimene tinasonkha zomangira chiliza cha malemu bambo athu, zimene iye anazigwiritsa ntchito ina. M'zaka zinayi zimenezo ndinali nditayanjanitsa mabanja angapo monga mkulu wa mpingo, ndinali nditadya Mgonero wa Ambuye nthawi zonse, ndipo Lamulungu lililonse ndinkapempha Mulungu kuti andichitire monga ine ndinkamuchitira mng'ono wangayo, osazindikira kuopsa kwa chimene ndinkapempha.

Kwa sabata yathunthu ndinkafika pamenepo n'kuima. Ndinamuuza Mulungu kuti sindikufuna kukhululuka, kuti ndalamazo zinali zambiri, ndiponso kuti wolakwa ndi amene ayenera kuyamba. Limenelo linali pemphero loipa kulimva, koma linali langa. Sindinamve liwu lililonse kuchokera kumwamba, ndipo sindinalote loto. Chimene chinachitika n'chakuti zinayamba kundivuta kunena mawu omwewo m'mawa uliwonse kwa Munthu amene ndinkadziwa kuti akumva. Loweruka lina ndinakwera minibasi ku Limbe kupita kwa mng'ono wangayo. Atandiona pakhomo anangoti, “Achimwene, kwagwanji?” poganiza kuti ndabwera ndi uthenga wa maliro. Ndalama zija sanabweze mpaka lero, ndipo sindinganame kuti mumtima mwanga munayera tsiku lomwelo, koma tinadya nsima m'mbale imodzi, ndipo chiliza tinamanga chaka chotsatira.

Apa ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chake kwa zaka zambiri ndinkakonda pemphero langa lakale lija. Linali losaopsa. Munthu angathe kulinena zaka makumi atatu osasintha kanthu kalikonse pa moyo wake, chifukwa silikhudza chilichonse chimene iye akubisa.

## Pempho limene silinayankhidwe

Sindikufuna kuti wina achoke pano akuganiza kuti ukapemphera moona ndiye kuti ulandira chimene wapempha. Chiphunzitso chimenecho chafala kwambiri masiku ano, ndipo chimasiya anthu ambiri akudziimba mlandu kuti chikhulupiriro chawo n'chochepa pamene wodwala wawo wamwalira. Paulo anapempha katatu kuti munga wa m'thupi mwake uchoke, ndipo sunachoke. M'munda wa Getsemane Yesu anapempha kuti chikho chimupitirire, ndipo anachimwa ndithu. Koma taonani mmene anapempherera pa Marko 14: anayamba ndi “Abba, Atate,” ananena poyera chimene ankafuna, ndipo atatero ndi pamene anati kuchitike kufuna kwa Atate. Ife timathamangira kunena kuti “kufuna kwanu kuchitidwe” tisanatchule n'komwe kufuna kwathu, ndipo timayesa kumeneko kudzichepetsa, pamene nthawi zambiri ndi njira yozembera kuti tisakhumudwe. Munthu sungapereke m'manja mwa Mulungu chinthu chimene sunavomere kuti uli nacho.

Masiku ena m'mawa ndimagwada n'kusowa chonena, ndipo ndinasiya kuchita nazo mantha. Pa Aroma 8 Paulo akuvomera kuti sitidziwa kupemphera monga tiyenera, ndipo akuti Mzimu amatipempherera ndi zobuula zosatheka kuneneka. Ndime imeneyi ndinailalikirapo kangapo m'mbuyomu, koma ndinkailalikira ngati munthu amene iyeyo amadziwa kupemphera ndipo akutonthoza amene sadziwa.

Pagulu ndinayambanso kupemphera, chifukwa ndi udindo wanga ndipo anthu amafunika wina woti awatsogolere. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano ndisanatsegule pakamwa ndimayang'ana kaye amene ali m'chipindamo, ndipo ndimadzifunsa ngati chimene ndikufuna kunena ndingachinene ndili ndekha chitseko chili chotseka. Mapemphero anga anafupika, ndipo si onse amene anakondwera nazo. Mayi wina wachikulire wa Mvano anandikokera pambali titaweruka kumlaga n'kundifunsa ngati ndikudwala, popeza masiku ano ndikumangoti pang'ono basi ndamaliza.

Sukulu ija itatsegulidwanso ndinapitako tsiku lina nditaweruka kuntchito. Madesiki anali atabwerera m'malo mwake, pabolodi panali masamu ena, ndipo ana anali kusesa. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa pageti anawakumbukira agogo aja, ndipo anandiuza kuti abale awo anabwera kudzawatenga pamodzi ndi adzukulu awiri aja kupita nawo kumudzi ku Thyolo. Ndinafunsa za wamng'ono uja. Mayiyo anapukusa mutu nati pamene ankachoka n'kuti asanamupeze.

Tsamba lakumapeto la buku langa la nyimbo lija lidakalipo, ngakhale inki yake inayamba kufufutika. M'mawa uliwonse ndikamaliza Salimo la tsikulo ndimalitsegula, ndipo ndimamukumbutsa Mulungu kuti agogo aja anamupempha kuti awaonetse pamene mwana wagona.